Tsiku Limene Tinawatengako Abambo ku Damu

Area 25B,
Lilongwe.
21 Seputembala, 1998.

Okondedwa achemwali anga a Tiwale,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino kumeneko ku Francistown, ndiponso kuti odwala a kuchipatala kwanuko sakukutopetsani kwambiri. Kuno tilipo ndithu, ine, mlamu wanu Zipora ndi abambo. Kwayamba kutentha, fumbi la ku Nsungwi likulowa mpaka m'makabati, koma madzi mwezi uno akutuluka, ndiye sitingadandaule.

Katundu munatumiza uja anafika bwino. Zipora wathokoza kwambiri chifukwa cha nsalu. Juzi ya abambo ija inawakulira m'mapewa poti aonda masiku ano, ndiye kuti isangokhala m'sutikesi ndinavala ine nyengo yonse yozizira. Ku ofesi anthu anaiyamikira.

Kalata yanu ndinailandira, koma kunena zoona inandiwawa. Mwalemba kuti mnzanu Vaileti wa ku Kawale wakuuzani kuti tinawachita abambo chipongwe pagulu. Achemwali, Vaileti kunalibeko. Iye anangotola nkhani pakhomo la tchalitchi n'kuithira mchere. Ndiye ndati ndikufotokozereni ndekha kuyambira pachiyambi, inu muone nokha ngati pali cholakwa.

Choyamba mudziwe kuti moyo wa kuno si uja munausiya. Tinagula vidiyo, dekhi yoseweretsera matepi ndi sikirini yake yoonetsa zithunzi za mitundu, ndipo Loweruka lililonse masana panyumba pano pamakhala anthu. Tili ndi kagulu kathu. Pali a Collins, abwana anga a ku ofesi amene amakhala ku Area 18, ndi akazi awo a Jenifer. Palinso Harry, mnzanga wa ku sekondale uja munkamuthamangitsa ndi tsache ku Kawale chifukwa cha pakamwa pake. Sanakwatirebe, ndipo pakamwa paja sipanasinthe. Matepi timabwereka ku Nsungwi. Azimayiwa amakonda mafilimu achimwenye, koma ine amanditopetsa: tsiku lonse anthu akuluakulu kumangothamangitsana mozungulira mtengo, mvula ikuwanyowetsa, nyimbo yosatha, mapeto ake aliyense akulira. Akarate ndiye mafilimu. Munthu amuphera mphunzitsi wake, iye akaphunzira kuphiri, abwera, abwezera, nkhani yatha. Tepi ya azungu onenepa ogwetsana aja timaisiyira kumapeto, chifukwa Zipora amakhulupirira kuti amamenyanadi, mpaka amabisa nkhope m'chitenje. Za magule a ndombolo amati ndi zolaula, koma sindinamuonepo akudzuka pampando.

Poyamba abambo tinkakhala nawo pabalaza. Koma mukudziwa mmene sitiroko ija inawasiyira: dzanja lamanja lili lende, mwendo amachita kukoka, pakamwa panapotoka ndipo malovu sawamva akamatsika. Alendo akudya mtedza, si zinthu zoti aziona. Tsiku lina tinaika filimu ya mkulu wina amene ana ake anamusiya pasiteshoni ya sitima, abambo n'kuyamba kulira mokweza ngati pamaliro, mpaka tinaimitsa tepi. Kuyambira pamenepo mpando wawo ndinausamutsira kukhonde lakuseri. Kumeneko kuli kamphepo kabwino, komanso ndi pafupi ndi nkhunda zawo.

Harry ali ndi luso lotsanzira anthu, ndipo abambo amawatha kwambiri. Amapotoza mlomo, kugwetsa phewa, n'kumati, “Gi-fo-di, ma-ji a-ku-mwa.” A Collins amaseka mpaka kutsetsereka pasofa. Masiku oyamba abambo akamva phokosolo nawonso ankaseka kukhondeko, osadziwa chikuseketsa anthu. Loweruka lina anabwera kudzasuzumira pawindo Harry ali pakati pa sewero lake. Anaima pang'ono, kenaka anabwerera pampando wawo. Ine ndinaona kuti sanakhumudwe.

Tsopano za nkhunda. Inu mukuzidziwa bwino, poti tili ana zinkadya ife tisanadye. Tsiku lowasamutsa ku Kawale, titapeza anthu a lendi, abambo anakana kukwera lole mpaka khola lija litakwezedwa. Ndinalolera chifukwa cha ulemu. Koma achemwali, kuno si ku Kawale. Zitosi pazovala zoyanika, zitosi pakhonde, zitosi pagalasi la galimoto ya abwana anga. Filimu ikafika pokoma, pamene aliyense wakhala chete, mumangomva kwalakwala pamalata. Chikhala kuti timadyako, bwenzi ndikupirira. Koma munthu kuweta nkhunda zaka zonsezi osalawako ngakhale liunda limodzi! Ndinawauzapo kuti, “Abambo, nkhunda ndi ndiwo.” Iwo anati, “Izi ndi anzanga.” Iliyonse ili ndi dzina: ina Wamakani, ina Mlendo, ina Sajeni. Panali ina yoyera ya banga lofiirira pakhosi imene ankaitchula kuti Nabanda, monga ankawaitanira malemu amayi. M'mawa uliwonse ankaiika paphewa n'kumaiuza mmene agonera, mwendo mmene ukupwetekera, amene wabwera ndi amene sanabwere. Anthu oyandikana nafe ankaima pampanda kumvetsera. Inu muli kutali, manyazi amenewa ankagwera ine.

M'kalata yanu ya mu Juni munalemba kuti, “Muziwatengako abambo kokayenda, asamangokhala kuseri.” Mawu amenewa ndinawasunga. Kumapeto kwa Ogasiti kagulu kathu kanagwirizana zokacheza ku damu la ku Malingunde, ndipo ndinati abambo tipita nawo. A Collins anati galimoto ndi zakumwa ndi zawo, ine ndione za nyama yootcha. Apa mpamene ndinaganiza kwambiri. Nyama ya mbuzi aliyense amabweretsa, palibe amaikumbukira. Komanso nthawi imeneyo ku ofesi ankasankha munthu wopita kumsonkhano wa ku Mangochi, ndipo wosankhayo anali a Collins. Tsono a Jenifer ananenapo tsiku lina kuti chakudya chimene sadzaiwala ndi nkhunda yootcha ya mandimu imene anadya kuhotela ina ku Harare. A Jenifer atanena zimenezo, Harry anandiponda chala, n'kuloza kuseri ndi mlomo. Ndinaona kuti apa zinthu ziwiri zitha kutheka tsiku limodzi, alendo asangalale, pakhomo payere.

Nditawauza abambo Lachinayi kuti Loweruka tikupita nawo ku damu, anandifunsa kawiri ngati ndikunena iwo. Anamutuma Zipora kuti asite jekete lawo lakuda la pa Mgonero lija, ndi tayi. Nsapato anapolisha okha ndi dzanja limodzi, ataipana ndi mawondo. Loweruka podzuka tinawapeza atavala kale, akhala pabedi, chipewa chili pamwendo. Mukanawaona mukanasangalala, ndipo izi Vaileti sanakuuzeni.

A Collins anafika m'mamawa ndi pikapu yawo. Abambo anati ayambe akatsegulira nkhunda. Ndinati, “Siyani abambo, muipitsa jekete. Nditsegula ine, tikupezani ndi Harry panjinga yamoto.” Anandipatsa chitini chawo cha chimanga, n'kundigwira dzanja.

“Nabanda umupatse pamanja,” anatero. “Sadya pansi.”

Ndinati ndamva. A Collins anawakweza abambo kutsogolo, azimayi kumbuyo, ananyamuka abambo akubayibitsa ndi chipewa.

Ntchito yake sinavute. Khola linali lotsekabe, ndipo nkhunda zija zinazolowera manja a munthu. Ndinangogwedeza chitini, zonse zinabwera zokha pakakhomo. Harry ankapotokola makosi, ine ndikuviika m'madzi otentha ndi kusosola. Yoyera ija inatulukira pamwamba n'kudzatera pamkono panga, ikuyang'ana m'dzanja. Harry anati, “Aise, amayi ako awa. Tiwasiye?” Ndinamuuza kuti nkhunda ukasiya imodzi imakaitana zinzake, pakutha pa chaka zadzazanso. Tinachotsa ndi maunda omwe m'zisa. Nthenga tinatentha kudzala, nyama tinathira mandimu, adyo ndi tsabola wa kambuzi, n'kuika m'bokosi la ayisi.

Ku damu kunali bwino kwabasi. Madzi ali phee, kamphepo kakuomba, ana asukulu ena akusewera mpira chapatali. A Collins anali ataika tepi ya rumba m'galimoto, zitseko zonse zili zotsegula. Abambo tinawapeza atakhala pamwala m'mphepete, Zipora atawavula nsapato ndi kuwapindira buluku, mapazi ali m'madzi. Ankang'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, a Jenifer akuwathandiza mawu. Atandiona anafunsa kuti, “Zadya?”

Ndinati, “Zadya abambo, zonse.”

Titayatsa makala fungo linafika patali, mpaka asodzi ena anatembenuka. A Collins ndinali nditawanong'oneza kale zoona zake, ndipo anandimenya paphewa n'kunena kuti ndine munthu woopsa. A Jenifer ndinawauza kuti ndi nkhunda zogula kumsika. Abambo, poti nkhunda sadya, tinati ndi zinziri. Zipora yekha ndiye anayang'ana m'bokosi muja, n'kundiyang'ana ine, kenaka anati mutu ukumupweteka, sadya. Anafuna kuwapatsa abambo mbatata yokha ndi kabichi, koma iwo anakana.

“Zinziri?” anatero. “Ndinadya kalekale ku Mponela, ndili mnyamata. Patseni.”

Achemwali, chidwalireni sindinawaonepo abambo akudya ngati tsiku limenelo. Anadya ndi dzanja lawo lamanzere, mafuta akutsikira patayi, akuyamwa ndi mafupa omwe. Atamaliza anatambasula mbale kuti tiwaonjezere. A Collins anawajambula pomwepo, ndipo chithunzicho ndachiika m'kalata muno kuti muone nokha nkhope ya munthu amene akuti tinkamuzunza. Ine sindinadye kwambiri.

Zikanathera pomwepo bwenzi palibe nkhani. Ndinali nditakonza kale kuti pobwerera ndidzati akuba kapena mphaka. Koma Harry mowa utamukwana anaimirira, kamwendo ka nkhunda kali m'manja, n'kuimba mluzu wa abambo uja, umene amaitanira nkhunda madzulo. Amautha ndendende. Abambo anadzutsa mutu, akumwetulira. Harry anatukumula chifuwa, kuzungulira mbaula uku akuti, “Kukuruu! Kukuruu!” kenaka anagwada pamaso pawo.

“Madala,” anatero, “akoma bwanji a Nabanda?”

A Collins anaphulika nako kuseka mpaka mowa unatulukira m'mphuno. Inenso ndinaseka, poti mmene Harry anachitira zinali zoseketsadi, ndipo abwana ako akamaseka sungakhale ndwii. Abambo anayang'ana Harry, anayang'ana m'mbale, kenaka anayang'ana ine.

“Gifodi?”

Sindinafune kunama pamaso pa alendo. Ndinati, “Abambo, ndiwo ndi ndiwo. Mwanena nokha kuti zakoma.”

Ndinkaganiza kuti akalipa, kapena alira ngati tsiku la filimu lija, ndiye tiwapepesa zithe. Sanatero. Anatulutsa mpango wawo woyera m'thumba la jekete, anauyala pamwendo, n'kuyamba kutolera timafupa ta m'mbale mwawo, kamodzikamodzi. Atamaliza anadzuka, opanda nsapato, akukoka mwendo pamiyala, n'kupita kwa munthu aliyense atatambasula mpangowo. A Collins anaponyamo fupa lawo n'kunena kuti, “Chopereka cha lero!” Harry anayambitsa nyimbo ya chopereka, akuomba m'manja. A Jenifer anaika awo ndi manja awiri, atagwada, kenaka anapita kukadzitsekera m'galimoto n'kuzimitsa tepi. Atafika pa ine ndinangowapatsa mbale yonse.

Sanalekere pomwepo. Anayamba kufunafuna amene tinataya mumchenga ndi m'phulusa. Panabwera galu wa m'midzi yapafupi, anatola fupa limodzi, abambo n'kumuthamangira ndi ndodo. Munthu wa mwendo umodzi kuthamangitsa galu! Anagwa chafufumimba, jekete lonse fumbi, chipewa uko. Zipora ndiye anawadzutsa akulira, ngati kuti pachitika ngozi yaikulu, chonsecho anangosupuka pachigongono. Mpango sanautaye. Anaumanga ndi mano n'kuuika m'thumba la m'kati.

Chisangalalo chinathera pomwepo, dzuwa likadali pamutu, zakumwa zitatsala. A Jenifer anati akufuna kwawo. Pobwerera abambo anakana kukhala kutsogolo, anakwera kumbuyo ndi Zipora. Ndiye ngati pali amene anaonongeredwa tsiku, ndi ife amene tinakonzekera sabata yonse.

Titafika kunyumba anapita molunjika kukhola. Anatsegula kakhomo, anasuzumira nthawi yaitali, anapisa dzanja m'chisa chilichonse. Dzuwa likulowa anatenga chitini chija n'kuyamba kugwedeza, akuimba mluzu, maso ali kumwamba. Mawa lake chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Anthu anayambanso kuima pampanda. Ndinaona kuti khola likamaoneka mtima wawo sukhazikika, choncho ndinaliphwasula pofuna kuwathandiza. Matabwa ake anali a mlombwa, abwinobwino, mukudziwa abambo sankakhoma zinthu zachibwana. Kalipentala wa ku Nsungwi watipangira kabati ya vidiyo, ya mashelefu a matepi m'munsi, wapaka vanishi. Aliyense wolowa amafunsa kuti tinagula kuti. Abambo chibwerere kabatiyo salowanso pabalaza, amazungulira kuseri, koma ndi kufuna kwawo, palibe anawaletsa.

Mpango uja ankagona nawo kunsi kwa pilo. Unayamba kununkha, nyerere zinadzaza pabedi. Zipora anati tiwathandize kukumba kadzenje patsinde pa mango akwirire. Ndinati pakhomo panga sipakhala manda a mbalame, anthu angatiyese ena. Ndinadikira ali kubafa n'kukautaya m'chimbudzi chapanja. Atatuluka anafunafuna, anagwetsa ndi matiresi omwe, koma sanandifunse.

Nkhani inafika kwa Vaileti kudzera mwa a Jenifer, amene anakailongosola kwa azimayi a kutchalitchi kwawo. Zinandidabwitsa, chifukwa amene ankalakalaka nkhunda ndi iwowo, ndipo anadya ziwiri asanadziwe. Masiku ano sabweranso Loweruka. A Collins amabwera okha, ndipo kunena zoona zikukoma kuposa kale, poti palibenso wotikakamiza zachimwenye. Ku ofesi nkhaniyi yatchuka, a Collins amaifotokoza pa tiyi, anthu mpaka kugwira m'mimba. Anandipatsa ndi dzina loti a Zinziri. Ku Mangochi kuja anasankha ine, tinyamuka sabata yamawa. Ndikudziwa kuti munyadira.

Zipora ndiye sindikumumvetsa. Sakhalanso nafe pa vidiyo, amati maso akumuwawa. Chakudya chake amakadyera kukhonde lakuseri ndi abambo, awiriwiri. Tsiku lina anabwera ndi nkhunda ziwiri m'katoni, akuti wapempha kwa mnzake ku Mgona. Ndisananene n'komwe kanthu, abambo anasuzumira m'katonimo, anatseka, n'kumubwezera. Ndiye mukuona kuti ngakhale iwo eni ake nkhunda zinawakwana.

Tsopano pempho langa ndi ili. Abambo kutauni kuno sikukuwayanja. Kudya achepetsa, mankhwala amachita kuwakakamiza, tsiku lonse amangokhala ayang'ana pamene panali khola. Ndaganiza kuti akakhale kwa abambo aang'ono a Mackson ku Mponela. Kuli kanyumba kaja ankasungiramo fodya, kakhoza kukonzedwa. Kumudzi kuli anzawo a msinkhu wawo, komanso mbalame ndi zambiri m'mitengo. Chipinda chawo chino tikufuna tiziikamo alendo akachedwa. A Mackson amamvera inu kuposa ine, ndiye chonde muwalembere msanga, mvula isanayambe. Komanso mukapeza munthu wobwera kuno, mutitumizireko matepi atsopano a ogwetsana aja, a ku Nsungwi tawamaliza onse ndipo ena akudumphadumpha. Muikemonso tepi yotsukira mahedi a m'dekhi.

Harry akukupatsani moni, akuti tsache lija analikhululukira. A Collins akuti mukadzabwera pa Khirisimasi adzakutengani ku damu mukaone nokha kukongola kwake. Zipora ndamuuza kuti ndikukulemberani, akuti alemba yake payekha, koma zimene angalembe muzimve mosamala, poti masiku ano mtima wake wafewa kwambiri. Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa anzanu onse a ku Malawi amene muli nawo kumeneko.

Ndisanatseke ndapita kukhonde kukawafunsa abambo ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni. Papita nthawi yaitali osandiyankhula, ndiye ndimayesa angokhala chete monga mwa masiku onse. Andiyang'ana kwa kanthawi, apukuta pakamwa ndi mkono wa malaya, kenaka ayankhula momveka bwino, mawu aliwonse pamalo pake, ngati munthu amene sanadwalepo. Akuti, “Umuuze Tiwale kuti ine ndili ndi mwana mmodzi.”

Ndawakumbutsa kuti tilipo awiri, koma abwerezanso zomwezo. Mukuona mmene mutu wawo wafikira. Musakhumudwe nazo achemwali, munthu ukakhala kutali nthawi yaitali okalamba amakuiwala. Ine ndizikawakumbutsa za inu.

Ambuye akusungeni mpaka tidzaonane.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Gilford.